Machubu Anayi a Bambo Zikhalo

M'kati mwa juzi yabulauni ya a Ignasio Zikhalo, pansi penipeni pa khwapa lamanzere, muli kathumba ka nsalu ya chitenje kosokedwa ndi ulusi wakuda. Kathumbako nkogawidwa m'timipata tinayi, ndipo kampata kalikonse nkopapatiza moti chala chapakati chimalowamo mothina. Pa kampata kachitatu nsalu inayera nkudyeka pang'ono, chifukwa tsiku lina panadonthera asidi. Anasoka ndi akazi awo, a Elena, zaka makumi awiri zapitazo. Juzi ikatha, ankakachotsa bwinobwino nkukasokerera pa juzi ina. Juzi zinatha zitatu, koma kathumba ndi komwe kaja.

Munthu wosadziwa angaganize kuti ndi mobisamo fodya. Timipatato ndi ta machubu agalasi, aja ana asukulu amayeseramo zinthu mu labotale.

Sukulu imene a Zikhalo ankagwirako ntchito ndi sekondale yoyendera, m'mapiri kuseri kwa Linthipe. Labotale yake ndi chipinda chimodzi chokhala ndi matebulo atatu ataliatali, kabati yokhoma ndi loko, mgolo wa madzi, ndi mbaula. Magetsi sanafikemo. Chaka ndi chaka, mwezi wa Juni, ana a Fomu 3 amafika pa phunziro la mmene thupi limagayira chakudya chopatsa mphamvu, ndipo amayenera kuona ndi maso awo malovu akusandutsa sitachi kukhala shuga. Sitachi ndi chija choyera chodzadza mu chimanga, chinangwa ndi kachewere. M'malovu muli kanthu kosaoneka, buku limakatchula kuti amilezi, kamene kamadula sitachiyo m'tizidutswa mpaka itatsekemera. Kuyesa kwake nkosavuta. Dontho la ayodini likakumana ndi sitachi limada bii. Sitachi ikatha, ayodini amangokhala mtundu wake wa tiyi wopanda mkaka.

Buku limanenanso kuti machubu akhale m'madzi ofunda madigiri 37, ndipo linajambula chiwiya chamagetsi chosungira madziwo. Amene analemba bukulo sanaimepo pafupi ndi mgolo wa madzi ku Dedza m'mawa wa Juni, nkhungu ili pawindo, zala zikukana kupindika. Pachisanu chotere amilezi amagona tulo. Pambaula madzi amatentha mopitirira nkumupha, ukawaphula amazizira usanamalize kuwerenga mayina a ana.

A Zikhalo anabadwira m'mudzi wina wa ku Mphunzi, ndipo sukulu anasiyira Sitandade 8 bambo awo atamwalira. Pasekondalepo anabwera ngati wotchetcha udzu. Kenaka anayamba kutungira madzi mgolo wa mu labotale, ndipo mphunzitsi wa sayansi wa nthawi imeneyo, a Yeremiya Kamtedza, anawaona tsiku lina akutsuka chubu chimene palibe anawatuma kutsuka. Anachitsuka katatu, nkuchikweza kuwindo, nkuchiyang'anitsitsa ndi diso limodzi. Kuyambira pamenepo chikwakwa anapatsidwa wina.

A Kamtedza ndiwo anadandaula m'mawa wina, ataweramira mbaula, kuti madigiri 37 amenewa ndi kutentha kwa thupi la munthu basi. A Zikhalo anafunsa ngati amva bwino, kuti ndi kwa thupi la munthu aliyense. Atawayankha kuti inde, anatenga chubu nkuchipana m'khwapa. Madzulo ake a Elena anayamba kudula nsalu.

Nkhani ya malovu inabwera chaka chotsatira. Kale ana ankalavula okha. Mtsikana wina analavulira m'kapu yagalasi monga anauzidwira, phunziro linayenda bwino, ndipo mawa lake bambo ake anafika pasukulu atavala jekete ya kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Sanakalipe. Anapereka moni kwa aliyense, anafunsa za mvula, kenaka anati abwera kudzatenga malovu a mwana wawo.

"Tinataya, bambo," anatero a Kamtedza. "Zinali za phunziro chabe."

"Zikomo. Munataya pati?"

Anawaperekeza ku dzenje la kuseri kwa labotale. Bamboyo anaima pamenepo nthawi yaitali, nkukankhira dothi m'dzenjemo ndi nsapato, kenaka anatsazika mwaulemu. Nkhaniyo inayenda m'midzi, ndipo chaka chotsatira panalibe mwana ndi mmodzi yemwe wofuna kulavula. Ena anauzidwa kwawo kuti za m'thupi sasiya m'manja mwa anthu. Ena, makamaka atsikana, anangochita manyazi ndipo anapezerapo pothawira. A Kamtedza nawo anati mphunzitsi amene walavula pamaso pa ana sangawalamulenso kukhala chete. Anatsala munthu mmodzi amene analibe ulemu woti nkuutaya pamaso pa ana.

A Zikhalo anaitenga ntchitoyo monga ankatengera ntchito iliyonse, ndiye kuti anaiikira malamulo. Tsiku la phunzirolo sankadya kanthu kapena kumwa tiyi. Ankachukucha m'kamwa ndi madzi, nkukhala pa kampando kuseri kwa kabati, kapu yagalasi ili pansi pa chibwano, akuganiza za mango aawisi othira mchere. Pakatha mphindi makumi awiri ankathira madzi pang'ono, nkusefa ndi thonje. Machubu anali anayi nthawi zonse. M'choyamba munali sitachi ndi malovu. Chachiwiri sitachi ndi malovu owiritsa. Chachitatu sitachi, malovu ndi madontho awiri a asidi wa m'botolo lakuda la m'kabati. Chachinayi sitachi ndi madzi okha. Chubu choyamba chokha ndicho chinkayenera kusintha, ndipo kwa zaka zonsezo chinkasinthadi, pa dontho lachisanu ndi chimodzi kapena lachisanu ndi chiwiri.

Ana anawapatsa dzina loti a Malovu. Ankawaitana choncho ngakhale pamsika pa Linthipe, anthu akuluakulu a ndevu, ena madalaivala a minibasi, ena anamwino. Iwo ankavomera.

A Kamtedza anapuma pantchito nkumwalira. Pambuyo pawo panadutsa aphunzitsi a sayansi asanu ndi awiri, ndipo aliyense pofika ankauzidwa mawu omwewo ku ofesi, akuti za malovu asadandaule, a Zikhalo alipo. Si zoona kuti ntchito yawo inali yokhayo. Ndiwo ankadziwa botolo limene chizindikiro chake chinafufutika, ndiwo ankasunga machubu khumi ndi chimodzi kuti asakhale khumi, ndiwo ankakolezera mbaula. Koma anthu sakumbukira botolo limene silinasweke. Dzina la a Zikhalo silinali pa mndandanda wa antchito a boma. Ankalembedwa ndi komiti ya makolo, ndipo komitiyo ikakhala pansi kuti ione amene angachotsedwe, wina ankati, "Nanga malovu atipatsa ndani?" Anthu ankaseka, nkupita pa dzina lotsatira. A Zikhalo ankadziwa za nthabwala imeneyi, ndipo ankadziwanso kuti ndiyo inkawadyetsa.

Pakamwa panayamba kuuma nthawi ya dzinja chaka chathachi. Poyamba anali ludzu losatha. Kenaka buluku linayamba kutsika, ndipo lamba anabowola kawiri. Lilime linkamatirira kumwamba kwa kamwa akamayankha mapemphero kutchalitchi. A Elena ndiwo anaona nyerere zitaunjikana kuseri kwa khola, pamene amuna awo ankataya madzi akamachokera kudimba.

"Bambo a Limbikani," anatero tsiku lina akuwapatsira kapu yachitatu ya madzi, "nyerere zija sizitsata mchere."

"Nyerere zimatsata chilichonse."

"Tiyeni ku Dedza akakupimeni."

"Pakatha mayeso."

"Mayeso ake ati? Chaka chino kapena cha mawa?"

Onse awiri ankadziwa chimene chinachitikira mlonda wa pasukulupo chaka chapitacho. Miyendo itayamba kutupa, komiti inamuthokoza ndi mawu abwino, nkumuuza kuti akapumule kaye kunyumba. Akupumulabe mpaka lero. Wantchito wa boma akadwala amalemba kalata. Wantchito wa komiti akadwala amabisa.

Mphunzitsi wachisanu ndi chitatu anali Mayi Raheema Abdul, mwana wa mwini sitolo wina wa ku Dedza boma, wongochoka kumene ku yunivesite. Anali wofatsa, wolemba chilichonse m'kope, ndipo anali asanakhazikitsidwe pantchito. Ahedi, Mayi Jestina Chadza, anayenera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi yake tsiku limodzi nkulemba lipoti, ndipo anasankha Lachiwiri la phunziro la malovu chifukwa ndilo linali lisanalepherepo.

Lolemba masana panali kusiyana maganizo pang'ono. A Zikhalo ankakonza sitachi ndi maso, kasupuni kosadzadza m'madzi otentha, mpaka madziwo ataoneka ngati otsukira mpunga. Madamu Abdul anafuna kuyeza pa sikelo.

"Sikuti sindikukukhulupirirani, a Zikhalo," anatero. "Koma ahedi akandifunsa kuti ndinathira yochuluka bwanji, sindinganene kuti kasupuni."

"Yezani, madamu. Sikelo ndi yanu."

Motero sitachi anakonza ndi Madamu, ndipo ahedi, amene ankadutsa pakhonde, anaona zimenezo.

Lachiwiri m'mawa a Zikhalo anakhala pa kampando kawo kuseri kwa kabati. Anaganiza za mango aawisi. Anaganiza za bwemba. Patatha theka la ola, pansi pa kapu panali kathovu kochepa kouma m'mbali, kosakwana nkunyowetsa thonje. Belu loyamba linali litalira. Anatuluka, ndipo kuseri kwa labotale, pafupi ndi dzenje lija, panali mtengo wa mandimu umene anabzala okha. Anathyola limodzi, analidula ndi mpeni, nkuliyamwa. Nsagwada zinawawa, m'maso munalengeza misozi, ndipo malovu anabwera. Analavula zonse pamodzi m'kapumo, anayamwanso, analavulanso, mpaka zinakwana. Anathira madzi, anasefa, anavundikira. Mtima unakhala pansi.

Apa mpofunika kunena chilungamo za munthuyu. Kwa zaka makumi awiri ndi manja awo amene ankadonthezera asidi m'chubu chachitatu, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti asidi amapha mphamvu ya malovu. Koma kwa iwo asidi chinali chinthu cha m'botolo lakuda, chokhala ndi chithunzi cha chigaza, chotsekeredwa ndi loko. Ndimu linali chipatso cha kuseri, chothira m'tiyi munthu akagwidwa chimfine. Zinthu ziwirizi zinkakhala malo osiyana, chimodzi m'kabati china pamtengo, ndipo palibe amene anawauzapo kuti ndi pachibale. Zonse zimene ankadziwa anaziphunzira ndi manja, ndipo manja amadziwa zokhazo zimene anagwirapo.

Ana makumi asanu ndi limodzi anadzadza m'chipindamo, ena ataimirira pa mabenchi. Ahedi anakhala pakona ndi kope lawo. Patebulo lakutsogolo panali mbale yoyera yachitsulo, ndipo pambalepo a Zikhalo anali atandanditsa timadontho ta ayodini m'mizere inayi, mzere uliwonse wa chubu chake. Madamu anathira sitachi m'machubu, anathira malovu, ndipo a Zikhalo analowetsa machubuwo m'kathumba nkupana mkono.

"Nkhuku yafungatira," ananong'ona mokweza Tamandani, mnyamata wa pabenchi lachiwiri. "Anapiye tiwaona liti, a Malovu?"

"Iwe udzaswa mochedwa kuposa awa," anayankha a Zikhalo, ndipo ana anaseka. Nthabwala yake inali ya chaka ndi chaka, ankangosintha ndi woinena.

Mphindi ziwiri zilizonse ankatulutsa machubu, Madamu nkutapa dontho m'chilichonse ndi kuliika pa ayodini wa mzere wake. Dontho loyamba linada m'mizere yonse, monga zimayenera. Lachiwiri chimodzimodzi. Madamu ankafotokoza bwino, mawu ake osathamanga, ndipo anauza ana kuti ayang'anitsitse mzere woyamba chifukwa posachedwa uyamba kufiirira. Lachisanu linada. Lachisanu ndi chimodzi linada. Pofika lakhumi, mbale yonse inali madontho akuda okhaokha, ngati chitosi cha mbuzi.

"Mwina kwazizira kwambiri lero," anatero Madamu.

"Ku Dedza kumazizira chaka chilichonse," anayankha ahedi ali pakona. "Madamu, sitachi ija munakonza ndinu, si choncho?"

"Ndine. Ndinayeza monga buku linanenera."

"Chaka chatha sanayeze, ndipo zinatheka." Ahedi analemba kanthu m'kope. Sanali munthu wankhanza. Anali ndi nthawi yochepa, ndipo ankafuna chifukwa chimene chingakwane pa mzere umodzi. "Nthawi yatha. Ana alembe zimene buku likunena kuti zimachitika. Inu mubwere ku ofesi pa buleki."

A Zikhalo anali ataima pambali, mkono uli chipanire. Sankamva zonenedwazo bwinobwino, chifukwa maso awo anali pambale. Mzere wachiwiri ndi wachinayi sunawadabwitse. Chimene ankayang'ana ndi mzere woyamba, chifukwa mzere wotere anali atauonapo kambirimbiri, koma pamalo ena. Unali mzere wachitatu. Chubu choyamba chinachita ndendende zimene chubu cha asidi chimachita, ngati wina wathiramo madontho awiri aja. Anayendetsa lilime m'kamwa, ndipo mano anali akadali ndi dzanzi la ndimu. Anakumbukira mmene nsalu ya kathumba inadyekera, ndi mmene mpeni wawo unaderera m'mawa uja pamene unadutsa m'chipatso.

Palibe amene anawaona pamtengo paja. Chifukwa chinali chitapezeka kale, ndipo chinali cha munthu wina, wa digiri, wachitsikana, amene akanadzudzulidwa nkupitiriza moyo. Chaka chamawa chinali kutali. A Zikhalo ankangofunika kutulutsa machubu m'kathumba, kukawatsuka katatu, nkuwakweza kuwindo. Anaganiza za mlonda uja atakhala pakhonde pake, miyendo ili pa mpando. Ana anali atatsegula kale makope, ndipo anamva Tamandani akufunsa mnzake kuti, "Ndiye tilembe kuti zafiira?"

"Ayi," anatero a Zikhalo. Mawu anatuluka mokakamira, chifukwa lilime linali litamatanso. "Pepani ahedi. Ana asalembe. Sitachi ilibe mlandu."

Ana onse anatembenukira kwa iwo.

"Ndine ndalakwitsa. Malovu amakana kubwera, ndiye ndinayamwa ndimu. Ndimu ndi asidi, eti madamu?"

Madamu anawayang'ana kanthawi. "Ndi asidi, a Zikhalo."

"Basi. Chubu choyamba chasanduka chachitatu."

Ena mwa ana anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Ahedi anatseka kope. Anayang'ana a Zikhalo kuyambira kumaso mpaka kulamba, monga munthu amene wangozindikira kuti wakhala akudutsa chinthu tsiku ndi tsiku osachiona.

"Malovu akukana kuyambira liti?"

"Kuyambira dzinja."

"Kuchipatala mwapita?"

"Sindinapite." Anameza, ngakhale kuti panalibe choti ameze. "Koma phunziroli lisafe. Ndipatseni ola limodzi, ana abwerenso ikatha buleki. Pali njira ina."

Kwawo kunali kutsidya kwa dambo, ulendo wa mphindi khumi. Anapeza a Elena akusankha nyemba pa lichero, ndipo analowa m'nyumba osakhala pansi, nkutsegula mphika umene munkakhala chimera cha mawere, ufa wa mbewu zomeretsa umene amathira mu thobwa. Anatapa kapu imodzi.

"Chimera changa chikupita kuti?"

"Kusukulu."

A Elena anasiya lichero. Ankadziwa tanthauzo lake, chifukwa nkhaniyi anakambiranapo kamodzi, kalekale, nkugwirizana kuti ithere m'nyumba momwemo. "Mwawauza?"

"Ndawauza zonse, amake Limbikani. Zatsala izi."

"Tengani chapansi," anatero. "Chapamwambacho chinalowa chinyezi."

Mu labotale a Zikhalo anaviika chimeracho m'madzi ofunda pang'ono, anatakasa, anadikira, kenaka anasefa kawiri pa pepala losefera mpaka madzi anatuluka oyera mbee. Anayesa dontho limodzi pa ayodini kuti aone ngati mwatsalira sitachi ya mawere, ndipo silinade. Manja awo sankafufuza njira. Madamu, amene anaima pambali ndi kope, anaona zimenezo.

Ana atabwerera, anayambanso ndi sitachi yomwe ija ya pasikelo. Mbale inatsukidwa, mizere inayi inandandalikidwanso, machubu analowa m'kathumba. Ulendo uno panalibe wonena za nkhuku. Dontho loyamba linada, lachiwiri linada, lachitatu linada. Lachinayi la mzere woyamba linaoneka ngati madzi a nthudza. Lachisanu ndi chimodzi linafiirira. Lachisanu ndi chitatu linagwera pa ayodini ndipo ayodiniyo anangokhala mmene analili, mtundu wa tiyi, pamene mizere itatu inayo inali yakuda mpaka kumapeto.

"Madamu," anafunsa Tamandani, "ndiye kuti amayi akamathira chimera m'phala, chimachita zomwe amachita malovu?"

"Chimodzimodzi. Mbewu ikamamera imapanga amilezi wake kuti igaye chakudya chimene inasunga. Nchifukwa chake phala lolimba limasungunuka nkutsekemera."

"Nchifukwa chakenso sathira phala likadali lotentha kwambiri," anawonjezera a Zikhalo. "Funsani amayi anu. Amadikira lizizireko. Chimenecho ndi chubu chachiwiri."

Ana analemba zimene anaona. Lipoti la Madamu linalembedwa bwino. Lachinayi a Zikhalo anakwera minibasi pa Linthipe pamodzi ndi a Elena, ndipo ku chipatala anawabaya chala nkuwauza dzina la matenda limene a Elena ankalidziwa kale, shuga. Anawapatsa mapiritsi ndi mndandanda wa zinthu zoti asiye, ndipo thobwa linali pamwamba.

Komiti ya makolo inakumana kumapeto kwa teremu. Amene analipo amati dzina la a Zikhalo litatchulidwa, munthu wina anatsegula pakamwa kuti anene nthabwala ija, nkukumbukira kuti yankho lake tsopano likupezeka m'khitchini iliyonse. Panakambidwa zoti munthu wodwala asamagwire mankhwala oopsa, zoti maso a odwala shuga amachita khungu, ndi zoti ana a Fomu 4 angathe kumatsuka okha machubu. Ahedi anawaikira kumbuyo, koma osati kwa nthawi yaitali. Tsiku lotsekera sukulu anawaitanira kutsogolo, anawathokoza ndi mawu abwino, anawapatsa bulangete, nkuwauza kuti akapumule kaye. A Zikhalo anapereka makiyi a kabati kwa Madamu, ndipo anawasonyeza mmene amakankhira loko kuti atseguke.

Mwezi wa Ogasiti, tsiku lamphepo, Madamu anawoloka dambo lija ndi kope m'manja. Anapeza a Zikhalo pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, atavala juzi yabulauni, botolo la madzi lili pambali. Thupi linali litabwererako pang'ono. A Elena anayala mphasa, nkupepesa kuti m'nyumba muno thobwa linaleka kuphikidwa.

Madamu anati abwera kudzalemba ndondomeko ya chimera, kuti aphunzitsi obwera m'tsogolo adzaipeze. A Zikhalo anafotokoza mosabisa kanthu. Chimera chikhale cha mawere, chosapitirira miyezi iwiri. Masupuni awiri pa theka la kapu. Madzi akhale oti chala chikhalemo osamva kanthu. Kusefa kawiri, osati kamodzi.

"Nanga magalamu angati?" anafunsa Madamu, kenaka anaseka yekha. "Chabwino, ndikayeza."

"Kayezeni. Koma chinthu chimodzi musaiwale. Mankhwala abuluu aja oyesera shuga pamoto, ndi chimera amapusitsa. Chimera chili kale ndi shuga wakewake, ndiye amafiira ngakhale musanathire sitachi. Ana muziwaonetsa zimenezo poyamba, kuti asamati shuga yense wachokera m'sitachi. Dalirani ayodini."

Madamu analemba, kenaka cholembera chinaima.

"Nanga machubu muzifunditsa bwanji?" anafunsa a Elena. "Mubweretse juzi yanu ndidzakusokereni. Kawo aka sapereka."

"Ndibweretsa, mayi." Madamu anayang'ananso zimene analemba. Zinthu ngati zimenezi munthu sazidziwa pa ola limodzi. Za miyezi iwiri, za kusefa kawiri, za mankhwala abuluu, zonsezi zinafunika munthu woti anayesa, nkulephera, nkuyesanso, ali yekha m'chipinda chija ana atapita. "A Zikhalo, za chimerazi munazidziwa liti?"

"A Kamtedza akadali moyo. Ndinaona phala la amayiwa likusungunuka, ndiye ndinakayesa Loweruka lina."

"Zaka zonsezi? Ndiye munkakhala ndi njala m'mawa, ana nkumakutchulani dzina lija, njira ina muli nayo. Bwanji simunanene?"

A Zikhalo anatembenuza kachewere m'manja, anayang'ana maso ake, nkumuika pa mulu wa mbewu.

"Ndinkaopa kuti mukadziwa simudzandifunanso," anatero.